Mmene mungajambulire filimu ya umphawi ndi kusungulumwa kuno ku Salima ndi foni yomwe muli nayoyo

Anyamata ndi atsikana ambiri amene ali ndi mafoni a kamera yabwino kuno ku Salima akafuna kupanga filimu amathamangira nkhani za mfuti, za bwana wolemera amene wafunsira mtsikana wantchito, kapena za sing'anga ndi nsupa zotuluka utsi, ndipo sindikunena kuti nzoipa ayi, anthu amazikonda ndipo mu vidiyo sho amadzadza. Koma pali mtundu wina wa filimu umene chilichonse chofunika kuti tiupange tili nacho kale pakhomo pomwe, koma sitikuugwira. Ndikunena filimu yoonetsa moyo mmene ulili, ya munthu wosauka amene watsala yekha, yopanda zokometsera, yoti woonera akadzuka pa benchi azikamuganizirabe munthuyo ali pa njira.

Mtundu umenewu sunayambe chifukwa choti anthu anali ndi ndalama. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, studio yaikulu ya Cinecittà ku Rome inali itaonongeka ndipo munkagona anthu othawa nkhondo, ndiye opanga mafilimu a ku Italy anangotuluka ndi makamera awo kupita mumsewu. Mu 1948 Vittorio De Sica anatulutsa Bicycle Thieves, nkhani ya bambo amene wapeza ntchito yomata mapepala otsatsa malonda m'makoma, ntchitoyo ikufuna njinga, mkazi wake akupinyolitsa nsalu zapabedi kuti awombole njinga imene inali pa pinyolo, kenako tsiku loyamba lenileni njinga ija ikubedwa. Basi nkhani yonse ndi imeneyo, bambo ndi kamwana kake akusaka njinga mu tauni. Amene anasewera ngati bamboyo, Lamberto Maggiorani, sanali wazisudzo, ankagwira ntchito mu fakitale. Ndiye munthu wa ku Salima, kumene mabanja ambirimbiri amadya chifukwa cha kabaza, safunika kumufotokozera kuti njinga kubedwa ndiye kuti chani. Kuno ku Africa, Ousmane Sembène wa ku Senegal anapanga Borom Sarret mu 1963, ya mphindi pafupifupi 20 zokha, tsiku limodzi la bambo woyendetsa ngolo ya hatchi mu Dakar, amene akulandidwa ngoloyo ndi wapolisi chifukwa walowa nayo kudera la anthu olemera, nabwerera kunyumba chimanjamanja. Mukapeza bandulo muwaonere mafilimu awiriwa musanayambe chilichonse.

Yambani ndi nkhani yaing'ono kwambiri

Osalemba filimu ya "umphawi ku Malawi", imeneyo ndi nkhani ya pa msonkhano. Sankhani munthu m'modzi, amene akufuna chinthu chimodzi, ndipo nthawi yoti achipeze ikutha. Chinthucho chikhale chaching'ono moti munthu wa pa ntchito ya pamwezi angachione ngati chopanda pake, koma kwa mwini wake ndi tsiku lonse.

Nditenge chitsanzo chimene tiziyenda nacho. Agogo aakazi akukhala okha m'mudzi wina cha kunyanja kuno, mwana wawo anapita ku Joni zaka zapitazo, anawasiyira kafoni ka mabatani nkuwauza kuti aziwaimbira Lamulungu. Foni yatha moto. Pochajitsa ndi pa tilediŋi, ndi kutali ndithu, miyendo ikuwawa, ndipo ndalama imene ali nayo ikukwana chimodzi chokha, kaya chaji, kaya kabaza, kaya kamulu ka bonya. Pa siteji pali wakabaza wachikulire amene njinga si yake, ndi yobwereka, madzulo ayenera kukapereka ya mwini njinga olo atapanda kunyamula munthu, ndipo makasitomala onse akuthamangira njinga zamoto. Awiriwa akumana. Filimu ya mphindi 12 kapena 15 yakwana pamenepo, simukufunika wakuba, simukufunika ngozi, simukufunika munthu kufa.

Mukaipeza nkhani yanu, ilembeni pa pepala limodzi lokha, osati mawu oyankhula koma zochitika: adzuka, asesa, ayesa kuyatsa foni, amasula mfundo ya chitenje, anyamuka. Ngati mzere wina ukuyamba ndi "akumva chisoni" kapena "akuganiza za mwana wawo", ufufuteni, kamera siijambula maganizo. Dzifunseni kuti munthu amene akuganiza za mwana wake amachita chani ndi manja ake, ndiye lembani chimenecho.

Musanajambule, khalani pansi muone

Apa ndi pamene pagona filimu yonse ndipo ndi pamene anthu amadumpha. Pitani pa siteji ya kabaza pa Kamuzu Road, kapena pa doko ku Senga Bay nthawi imene maboti a usipa akukocheza m'mamawa, kapena ku Chipoka, foni ili m'thumba, mungokhala. Bwererani mawa lake ndi mkuja. Muona zinthu zimene simukanazipeka muli kuchipinda kwanu: mmene wakabaza amapukutira mpando wa kasitomala ndi kansanza ngakhale palibe amene akubwera, mmene chubu chake chadzadzira zigamba moti womata akusowa pomata, mmene mayi amaimira pambali pa thandala kudikira kuti ogula ambiri amalize kaye kuti iye apemphe zotsalira motsika mawu, mmene alovi, asodzi aganyu a m'boti, amene agwira ntchito usiku wonse amagawanirana ndalama mwini boti atachotsa kale ya mafuta ndi yake.

Chimene mudzazindikire nchakuti umphawi suoneka kwenikweni pa zovala. Umaoneka pa kuwerengera. Munthu wosauka amakhala akuwerengera tsiku lonse, ufa, mchere, machesi, sopo, mtunda, ngongole ya pa okala, ndani ndinamupempha kale sabata yatha moti sindingapitekonso. Ndiye jambulani kuwerengerako. Ikani kamera pafupi ndi manja a agogo aja akumasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje, mfundoyo ndi yolimba mpaka akuthandizira ndi mano, mutuluka ndalama yamapepala yopindapinda yofewa ndi thukuta, aitambasula pa bondo, aisisita ndi chikhatho, ayang'ana, aipindanso momwe inalili, amanganso. Musadule msanga. Kenako atenga kawokumani ka ufa, ayang'ana mmene katsalira, athira pang'ono mu mbale, aima, abwezamo theka. Palibe mawu amene ayankhulidwa koma woonera aliyense wa kuno wamva zonse, ndipo wa kunja nayenso wamva.

Chonde musawaveke anthu nsanza zimene savala, musawapake phulusa kumaso, musauze mwana kuti asapukute mamina. Anthu osauka amasamba, amasesa pabwalo mpaka mizere ya tsache kuoneka, amasunga chitenje chimodzi chabwino cha ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndipo akamapita pagulu amavala chimenecho. Agogo aja akamanyamuka kukachajitsa foni avale chabwinocho, amange duku bwinobwino. Zimenezo zimapweteka mtima kuposa nsanza, chifukwa mukuona munthu amene akuyesetsa kuti anthu asamuone kuti zamuvuta. Ine zimandiwawa kwambiri ndikaona mavidiyo amene munthu amamuimika kutsogolo kwa nyumba yake yakugwa nkumuuza kuti ayang'ane kamera mwachisoni, munthu uja amasanduka chithunzi cha mavuto basi, dzina lake ndi nzeru zake ndi nthabwala zake zonse zatayika. Mu filimu yanu munthuyo akhale ndi khalidwe lake, mwina ndi waukali, mwina amakana thandizo chifukwa chodzimva, mwina amanama kuti wadya kale. Asakhale mngelo.

Kusungulumwa kwa kuno kumachitika anthu ali pompo

M'mafilimu a kunja munthu wosungulumwa amakhala m'chipinda chotseka pa nyumba ya nsanjika. Kwathu kuno nyumba nzoyandikana, njira imadutsa pakhomo, ana ali ponseponse, ndiye ukangojambula munthu atakhala pa khonde anthu aganiza kuti akungopuma. Muyenera kuonetsa chimene chikusowa. Akulu anati kali kokha nkanyama, ndipo aliyense wa ife amadziwa mmene pakhomo pa munthu pamayenera kukhalira, ndiye gwiritsani ntchito chimene woonera akudziwa kalecho.

Munthu akudutsa pa njira apereka moni ali chiyendere, osapatuka, osafunsa kuti mwadzuka bwanji nkudikira yankho. Mphasa yayalidwa koma wakhalapo ndi m'modzi, mbali inayo ili yokhayokha. Nsima yaphikidwa ya mtanda umodzi mu kapoto kakang'ono pomwe mphika waukulu wa banja uli chivundikire pa thandala, wachita fumbi. Kamwana ka neba kayamba kulowera pakhomo pa agogo, mawu a mayi ake amveka kuchokera kuseri, osawaonetsa nkomwe, "iwe tabwera kuno", kamwana katembenuka. Kasini kameneka, ndikunena kachigawo ka filimu kameneka, kokha kakunena zimene zikuchitika m'midzi yathu yambiri, zoti okalamba amene atsala okha amayamba kunong'onezedwa za ufiti, ndipo simunatchule mawu oti mfiti olo kamodzi. Kusalidwa kumayamba choncho, mwakachetechete, kusanafike pa miyala ndi kuotcha nyumba zimene timamva pa wailesi.

Saundi ikuthandizani kwambiri apa. Pamene agogo akudya okha, kutali kuzimveka moyo wa anthu ena, chigayo, ana akusewera mpira, zoimbira za pa chinkhoswe, azimayi akuseka pa mjigo. Phokosolo likhale lotsika, la patali. Ndipo pa kamera musiyeni munthuyo ku ngodya imodzi ya chithunzi, malo otsalawo akhale opanda kanthu, kapena mumujambule kuchokera m'nyumba kudzera pa chitseko iye ali panja watifulatira. De Sica yemwe uja mu 1952 anapanga Umberto D., ya mkulu wopuma ntchito amene watsala ndi galu wake yekha, ndipo muli sini imene mkuluyo akuyesa kutambasula dzanja kuti apemphe, munthu atati amupatse iye akutembenuza chikhatho ngati akungoona ngati kukugwa mvula. Manyazi a munthu amene sanazolowere kupempha ali monsemo, popanda misozi. Sakani kanthu kotere ka kwathu, kaliko, mwachitsanzo munthu wofika pakhomo pa mnzake nthawi ya nsima nkunena kuti amangodutsa.

Osewera

Azisudzo athu ambiri anakulira pa siteji ndi pa wailesi, kumene umayenera kukweza mawu ndi kutambasula manja kuti wakumbuyo amve. Pa kamera imene ili pafupi zimenezo zimachuluka. Ndiye muli ndi njira ziwiri, kutenga wazisudzo nkumuphunzitsa kuchepetsa, kapena kutenga munthu amene ntchitoyo ndi yake kale. Pa wakabaza ine ndinganene kuti tengani wakabaza weniweni, chifukwa mmene amakankhira njinga pa mchenga, mmene amaimirira pa mapedulo pokwera kamtunda, minofu ya m'miyendo yake, palibe angazinamizire.

Munthu wotere musamupatse pepala loti aloweze, akaloweza amayankhula ngati akuwerenga kalata. Muuzeni chimene akufuna mu siniyo basi. Kwa wakabaza: "Bambo, agogowa akufuna muwanyamule koma ndalama yawo ndi yosakwana, inu simunanyamule munthu chiyambire m'mawa, ndiye kambiranani." Kwa agogo, pambali, iye asakumva: "Agogo, musawauze kuti ndalama ina mukusungira chaji." Kenako yatsani kamera muwasiye. Ken Loach wa ku England amadziwika ndi kujambula masini motsatana mmene nkhani ikuyendera, ndipo osewera sawaonetsa sikiliputi yonse, kuti chodzidzimutsa chikafika adzidzimuke zenizeni. Kwa anthu amene sanasewerepo njira imeneyi imathandiza zedi, chifukwa safunika kukumbukira kuti panopa ndiye ndakwiya kale kapena ayi.

Asiyeni ayankhule mmene amayankhulira. Ku madoko a kuno mumamveka Chichewa chosakanikirana ndi Chiyao, mukakwera cha ku Nkhotakota kupitirira Dwangwa mumva Chitonga, musawakonze kuti ziyankhulidwe ngati nkhani za pa wailesi. Ndipo chete musamuope. Anthu awiri osadziwana ali pa njinga imodzi amatha mtunda wautali osayankhulana, kumangomveka tcheni ndi kupuma kwa wopalasa.

Chilolezo ndi malipiro, apa musachite chibwana

Mukalowa m'mudzi yambirani kwa amfumu, mufotokoze kuti ndi sewero, ndani akusewera, masiku angati, ndipo filimuyo ikaonetsedwa kuti. Pa doko pali komiti ya pa gombe ija ya BVC, aonaneni nawo. Mu msika lankhulani ndi oyang'anira msika. Kumbukiraninso kuti Salima ndi boma la asilikali, kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO komanso kampu ya ku Senga Bay, ndiye kamera yanu isaloze kumene kuli malo awo. Lachisanu masana anthu ambiri a kunyanja amakhala ku mzikiti, ndipo mwezi wa Ramadan simungamuuze munthu amene akusala kuti adye nsima pa kamera dzuwa lili pamutu, konzani masiku anu moganizira zimenezo.

Nenani poyera kuyambira tsiku loyamba kuti inu si a bungwe, simukulemba maina a Mtukula Pakhomo kapena a makuponi, chifukwa anthu akaona kamera ndi kope amayembekezera thandizo, ndipo akadzazindikira mochedwa kuti palibe chikubwera amamva kuti munawapusitsa. Wakabaza amene mwamutenga tsiku lonse wataya ndalama ya tsikulo ndipo mwini njinga akuyembekezerabe yake, ndiye mulipireni zosachepera zimene akanapeza, tsiku lomwelo, osati filimu ikadzagulidwa. Ngati mulibe ndalama imeneyo chepetsani masiku ojambula kapena dikirani kaye mpaka muipeze. Chakudya cha masana mudye limodzi, mbale imodzi.

Chilolezo cha munthu aliyense chijambuleni pa vidiyo, anene yekha m'chiyankhulo chake kuti wamva zoti filimuyi ikhala pa intaneti ndipo anthu a kwina kulikonse adzaiona. Mwana wosakwana zaka 18 avomereze ndi makolo kapena omulera, ndipo asajombe kusukulu chifukwa cha inu.

Chinthu china chimene anthu a mu tauni sachiganizira: inu mukamaliza mupita, wosewera atsala m'mudzi momwemo. Agogo amene asewera ngati munthu wonenedwa ufiti, kapena mayi amene wasewera ngati wogona ndi asodzi kuti apeze nsomba, dzinalo likhoza kumukanirira moyo wake wonse. Pa mbali zoterezi musatenge munthu amene akukumana nazodi m'mudzi momwemo. Tengani wa mudzi wina, wa abale ake omuzungulira, amene akumvetsa bwino kuti ndi sewero, ndipo anthu a pamalopo adziwe kuti ndi mlendo wodzasewera.

Kamera, kuwala, ndi saundi

Foni ndi yokwana. Mu 2015 Sean Baker anajambula Tangerine yonse ndi iPhone 5s ndipo inaonetsedwa ku chionetsero chachikulu cha mafilimu cha Sundance ku America, mafoni ambiri amene ali m'matumba mwathu lero amajambula bwino kuposa imeneyo. Igoneke chopingasa, ikani pa 1080p, ndipo ngati foni ikulola sankhani mafulemu 25, kutanthauza zithunzi 25 pa sekondi, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz, mukajambula pa 30 pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethira. Ikani pa flight mode kuti munthu asakuimbireni pakati pa sini. Pukutani kagalasi ka kamera nthawi ndi nthawi, fumbi ndi thukuta la kuno zimachititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu. Dinani pa nkhope ya wosewera nkugwiritsitsa mpaka foni itseke fokasi ndi kuwala, apo ayi ikangoona mchenga woyera kapena nyanja kumbuyo imadetsa nkhope yonse, munthu nkusanduka mthunzi. Zumu musaigwire, yandikirani ndi miyendo.

Dzuwa la Salima kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 3 koloko ndi loipa pa nkhope, maso amalowa mumdima, ndipo mu Okutobala ndi Novembala foni imatentha mpaka kuzima yokha. Jambulani za panja m'mamawa ndi madzulo, masana chitani za m'nyumba kapena za pansi pa mtengo wa mango, foni ikapuma muziisunga pa mthunzi mutaichotsa kava. M'nyumba musabweretse magetsi owala, mukhazikeni munthu pafupi ndi khomo kuwala kumugwere cha m'mbali, ngati mbali inayo yada kwambiri wina agwire nsalu yoyera kapena thumba loyera la ufa kuti libweze kuwala pang'ono. Usiku tochi imodzi kapena moto wa pa mafuwa ndi zokwana, mdima wotsalawo usiyeni, ndi mmene nyumbazo zimakhalira.

Kamera ikhale pa msinkhu wa maso a munthuyo. Akakhala pa mphasa inunso khalani pansi. Mukamujambula mutaimirira iye ali pansi, woonera amamuyang'ana kuchokera pamwamba ngati mlendo wodzapereka thandizo, ndipo filimu yonse yasintha tanthauzo. Mukamutsatira akuyenda, gwirani foni ndi manja awiri zigongono zitagunda m'nthiti, yendani mawondo atapindika pang'ono. Pa masini a pa njinga kwerani kabaza wina aziyenda pambali kapena kumbuyo.

Koma chimene chimapha mafilimu athu ambiri ndi saundi, osati chithunzi. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma akapanda kumva mawu amatseka. Kunyanja kuno mwera ukayamba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imawomba mu maiki moti mumangomva phuu phuu basi. Pezani kamaiki kokoloweka pa malaya, kabiseni mkati mwa kolala kapena pansi pa chitenje, kakulungeni ndi kasiponji. Ngati mulibe, bwerekani foni yachiwiri, yatsani rekoda, ikani m'thumba la malaya la wosewera kapena muibise mu dengu pafupi naye. Poyamba sini iliyonse wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, poedita mudzalumikiza saundi ndi chithunzi pa kuombako. Mukamaliza pamalo paliponse uzani onse akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo lokha, mafunde, nkhuku, mphepo mu udzu wa denga, mudzalifuna potseka mipata. Ndipo samalani ndi nyimbo za m'mabala ndi m'mashopu zimene zikumveka kumbuyo, zili ndi eni ake, YouTube imazizindikira, komanso poedita zimadukaduka moonekeratu. Pemphani mwaulemu atsitse kwa mphindi zochepa kapena sunthani.

Pawabanki ndi memori zikhalepo zokwanira, ndipo madzulo aliwonse koperani zonse pa laputopu kapena pa fulashi, malo awiri osiyana. Sini ya munthu amene si wazisudzo ikatayika siibweranso chimodzimodzi.

Poedita

CapCut kapena KineMaster pa foni zikwana, amene ali ndi kompyuta yamphamvu DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere. Zokongoletsa zonse zili mmenemo zisiyeni, masini azingodukirana basi. Mayesero aakulu ndi oika nyimbo ya piyano yachisoni pamene agogo akumasula mfundo ija. Musaike. Nyimbo imamuuza woonera kuti lira tsopano, ndipo munthu akauzidwa amakana. Popanda nyimbo amamva kupuma kwa agogo ndi kukhwekhwereza kwa ndalama ija, amayandikira yekha. Ngati nyimbo ikufunika ichokere mkati mwa nkhani, kwaya ikuphunzira patali, kapena agogo akung'ung'udza yekha nyimbo ya ku tchalitchi akutsuka mbale.

Za kutalika kwa masini, lamulo langa ndi loti pamene munthu akudikira, woonera adikire naye pang'ono mpaka ayambe kumva kulemera kwake, koma pamene akungochoka apa kupita apo, dulani. Agogo atakhala pa benchi ya pochajitsa, mafoni ambiri ali pa thabwa, anyamata akubwera kutenga awo akuseka osawaona nkomwe, apo khalanipo. Muonetseni munthu wina amene sanali nawo pojambula, muzimuyang'ana nkhope, pamene wayamba kugwira foni yake ndi pamene patalika.

Mathero ndi ovuta chifukwa mtima umafuna kuwapulumutsa anthu ako. Umafuna galimoto iime, mwana atsike ndi masutikesi ochokera ku Johannesburg, kapena bwana wachifundo amugulire wakabaza njinga yamoto. Zikatero woonera amapuma nkuiwala, poti vuto latha. Mbali inayi musawaphenso agogo kuti anthu alire. Malizani pamene tsikulo lathera. Foni yadzadza, abwerera, wakabaza wawanyamula ulendo wobwerera osawalipiritsa ngakhale kuti ya mwini njinga sinakwane, ndipo pofika pakhomo agogo amuuza kuti adikire, alowa, atuluka ndi mbatata ziwiri zophika. Kaya foni ilira kaya siilira, mukhoza kusankha nokha, koma chilichonse chimene mwasankha chikhale choti chikhoza kuchitikadi Lamulungu likubwerali m'mudzi umenewo.

Ikatha, oyamba kuiona akhale amene asewera, paokha, anthu ena asanaione. Akanena kuti pali pena pamene pakuwachititsa manyazi, mverani, kambiranani, ndipo ngati sakumasukabe chotsani. Kenako kaionetseni m'mudzi momwe munajambula, nsalu yoyera pa khoma la sukulu ndi pulojekita yobwereka, kapena gwirizanani ndi mwini vidiyo sho wa pa tilediŋi. Filimu yoonetsa pagulu imayenera kudutsa ku Censorship Board kuti aipatse gulu la zaka, lamulo lake ndi la 1968, ndiye afunseni ndondomeko yake musanalengeze tsiku. Ikani mawu a Chingerezi pansi ngati mukufuna kuitumiza ku mipikisano ya kunja, koma womasulira akhale womva bwino Chichewa cha kunyanja. Pa WhatsApp muitumize ngati dokyumenti kuti isaphwanyike chithunzi, ndipo fayilo yaikulu yeniyeni isungeni padera. Maina a osewera onse alembedwe kumapeto mmene iwo akufunira, aliyense mumupatse kope yake pa memori kadi, ndipo ngati filimuyo idzapeze kandalama kulikonse, gawo lawo mugwirizane pano, mulembe pa pepala, amfumu kapena wachibale wawo asainire ngati mboni.